Mphamvu ya Mai Wolera Ana: Phunziro la Yokebede

Muyambe mwawerenga Eksodo 1:8 kufikira 2:10, ndiponso Ahebri 11:23. Amene sadziwa kuwerenga apemphe mnzace kapena mwana wa sukulu kuti amwerengere.

Poyendera Akristu m'midzi tinafika tsiku lina pakhomo pa mai wina amene dzina lace liri m'buku la mpingo, koma nkhope yace sitinaione m'nyumba ya Mulungu masabata ambiri. Tinampeza alikusinja, khanda liri kumbuyo, mwana wa zaka ziwiri atagwira nsaru yace, ndi wacitatu ali gone pakhonde, thupi liri moto. Mwamuna wace anapita ku Joni kukafuna nchito, ndipo mau ace amveka mwa kamodzikamodzi. Atatiyalira mphasa tinalonjerana, ndipo tinati, "Amai, takusowani ku mapemphero, kodi nkwabwino?" Iye anaika munsi pansi, nati, "Aphunzitsi, musandiyese wobwerera m'mbuyo. Ndikapita ku mapemphero mwana alira, anthu onse aceukira ine, ndituruka panja, ndipo ndibwera kuno osamva kanthu. Usiku ndikagwada kuti ndipemphere, tulo tindigwira ndisanafike pa Amen. Ine ndiganiza kuti Mulungu watopa nane."

Mau amenewa anatilasa mtima, pakuti tidziwa kuti amai otere ali ambiri m'midzi yathu, ndipo sanena. Cifukwa cace tawalembera phunziro iri. Amuna ndi akuru a mpingo alimvenso, popeza muli mau ao.

1. Nyumba ya Yokebede

Ana a Israyeli anali akapolo m'dziko la Aigupto, alikuumba njerwa ndi kumangira Farao midzi ya Pitomu ndi Ramesesi. Mfumu itaona kuti alikucuruka, inauza azamba awiri, Sifra ndi Puwa, kuti azipha ana aamuna pobadwa. Azambawo anaopa Mulungu koposa mfumu, nawaleka anawo ndi moyo. Pamenepo Farao analamulira anthu ace onse kuti ana aamuna obadwa kumene aziwaponya m'mtsinje wa Nile.

M'masiku oopsa amenewo mkazi wina wa pfuko la Levi anaona mwana wamwamuna. Mutu 2 wa Eksodo suchula dzina la mkaziyo. Tilipeza patsogolo, pa Eksodo 6:20 ndi pa Numeri 26:59, kuti ndiye Yokebede, mkazi wa Amramu. Anali nao kale ana awiri. Wamkazi, Miriamu, anali wosinkhukirapo, wodziwa kutumidwa. Wamwamuna, Aroni, anali wa zaka zitatu, pakuti Eksodo 7:7 atiuza kuti pamene Mose anali ndi zaka 80, Aroni anali nazo 83. Tsono taonani nyumbayo: muli buthu, muli kamnyamata kosadziwa kusunga cinsinsi, muli khanda limene mfumu ilifuna kuti life, ndipo mwamuna ndiye kapolo. Mkazi ameneyu sanali mneneri, sanalalikira pabwalo, sanalemba buku. Anali wolera ana monga inu, ndipo Mulungu analemba nchito yace m'Buku Lopatulika kuti mitundu yonse iwerenge.

2. Anacita zonse zimene manja ace anakhoza

Yokebede anabisa mwana miyezi itatu. Inu amai mudziwa koposa ife kuti kubisa khanda kubvuta bwanji, popeza lilira usiku pamene mudzi uli zii, ndipo mau ace akula mwezi ndi mwezi. Pamene kubisa kunakanika, iye sanakhala pansi ndi kugwira m'mutu. Anatenga gumbwa, wonga amene amera m'mbali mwa nyanja zathu ndi mwa mtsinje wa Shire, nakonza kadengu. Anamata phula m'ming'alu yonse kuti madzi asalowe. Anasankha malo a pakati pa mabango kuti kadengu kasatengedwe ndi madzi. Ndipo mlongo wace wa mwanayo anaima capatali kuti aone cimene cidzacitika.

Apa tiphunzira kuti cikhulupiriro sicipinda manja. Mai wopemphera ndiye amene amata phula bwino. Nanga phula lathu lero nciani? Makolo athu sanadziwa cimene cibweretsa malungo. Koma m'caka ca 1897 sing'anga wina dzina lace Ronald Ross, ali ku India, anapeza tizirombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu, ndipo kuyambira pamenepo zinadziwika kuti udzudzu ndiwo ufalitsa nthendayi. Cotero masikito ndiwo phula: mwana agone m'menemo usiku uli wonse, ndipo masikitowo asapite kukakokera nsomba kapena kuchinga dimba. M'caka ca 2019 Malawi anali dziko loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana pa sikelo. Katemera ameneyu ndi ena onse ndiwo phula. Musaphonye tsiku la sikelo cifukwa ca kumunda. Kuyamwitsa khanda bere lokha miyezi 6, osalipatsa madzi kapena phala, ndiko phula. Mwana akatentha thupi, mupite naye kucipatala tsiku lomwelo. Akakomoka kapena akakana kuyamwa, munyamuke ngakhale ndi usiku. Liwombo la khanda likalowa pamene liri kutsegula m'mimba, cizindikiro cace ncakuti madzi atha m'thupi; mankhwala omata pamutu sabweza madziwo, koma bere ndi madzi a mcere ndi shuga a m'timapaketi ta kucipatala, ndi kufulumira naye kwa asing'anga.

Ena adzati, Nanga mphinjiri ndi zithumwa zimene timanga ana m'khosi ndi m'cuuno siziri phula nazonso? Iai. Phula la Yokebede linaletsadi madzi, ndipo ali yense anakhoza kuona nchito yace. Cithumwa siciletsa udzudzu, ndipo ciba zinthu ziwiri: ciba masiku amene mwana akadalandira mankhwala, ndipo ciba mtima wa mai, umene ukadatsamira pa Mulungu. Tidziwa kuti kukana nkobvuta, pakuti obwera naco cithumwa ndiwo agogo kapena apongozi, amene akondadi mwanayo. Musawanyoze, musawakalipire. Gwadani monga mwa mwambo, nimunene kuti, "Agogo, ndathokoza kuti mukonda mdzukulu wanu. Koma mwanayu tinampereka kwa Mulungu. Conde tiperekezeni kucipatala." Ndipo akakunenerani kuti mwana waonda cifukwa wina anamsempha, kumbukirani Yohane 9, pamene ophunzira anafuna kudziwa amene analakwa kuti munthu abadwe wosaona, ndipo Ambuye sanatsutsa munthuyo kapena akumbala. Mwana woonda afuna kupimidwa kucipatala, afuna phala la nsinjiro, dzira, usipa ndi ndiwo zamasamba. Milandu ya pabwalo siimnenepetsa.

3. Anasiya kwa Mulungu zimene manja ace sanakhoza

Atatha kumata ndi kusankha malo, inafika nthawi yobvuta koposa zonse, ndiyo ya kucotsa manja pa kadengu ndi kubwerera kunyumba. Ng'ona za m'Nile sanakhoza kuziletsa. Mtima wa munthu amene adzapeza mwanayo sanakhoza kuufewetsa. Kalata ya kwa Ahebri itiuza kuti akumbala Mose anambisa mwa cikhulupiriro, ndi kuti lamulo la mfumu silinawaopsa. Cikhulupiriro comweco ndico cinamasula zala za mai pa kadenguko.

Apa ndipo pagona mphamvu ya mai Wacikristu. Mtolo wa kulera uli pawiri: pali gawo la mai, ndipo pali gawo la Mulungu. Kuyamwitsa, kusambitsa, kuphika, kulangiza ndi kunyamula mwana kupita naye kucipatala ndilo gawo lanu. Mpweya wa mwanayo, masiku a moyo wace, ndi cimene adzakhala akakula, ndilo gawo la Mulungu. Mai wotaya gawo lace acimwira mwana. Koma mai wofuna kusenza magawo onse awiri athyoka msana, pakuti nkhawa ya usiku wonse siitsitsa kutentha kwa thupi la mwana ngakhale pang'ono. Pemphero ndilo kutula mtolo umene suli wanu pa mapazi a Mwini wace.

Tsono inu amene muti pemphero lanu licepa, tamverani. Pamene Petro anayamba kumira m'nyanja anapfuula mau owerengeka okha, ndipo Yesu anamgwira dzanja pomwepo (Mateyu 14:30, 31). Hana anapemphera m'mtima, milomo yokha irikugwedezeka, kotero kuti Eli wansembe anamuyesa woledzera. Koma Mulungu anamva (1 Samueli 1). Paulo atiphunzitsa pa Aroma 8:26 kuti pamene mau atisowa, Mzimu Woyera atipempherera. Eliya atatopa, nagona pansi pa mtengo m'cipululu wofuna kufa, mthenga wa Mulungu sanamdzudzula cifukwa ca tulo. Anamdzutsa kuti adye ndi kumwa, namlola agonenso (1 Mafumu 19). Ndipo Yesaya 40:11 afanizira Mulungu ndi mbusa wodziwa kuti nkhosa zoyamwitsa siziyenda msanga, amene aziyendetsa mofatsa. Mulungu wotere sangatope ndi mai amene tulo tamgwira ali cogwada.

Cifukwa cace musadikire kuti mudzapemphera ana akakula, kapena mukapeza nthawi yabata, pakuti nthawiyo siidzafika msanga. Mangirirani pemphero ku nchito zimene mucita masiku onse. Pokoleza moto m'mamawa, yamikani kuti kwaca muli amoyo. Popita kucitsime, chulani ana anu maina mmodzi mmodzi pamaso pa Mulungu. Poyamwitsa, pemphererani mwamuna wanu kumene ali. Posinja, yimbani nyimbo ya Mulungu, ndipo wa kumbuyoyo adzaimva. Muloweze ndime imodzi pa sabata, kapena mwana wa sukulu akuwerengereni madzulo mulikusenda nyemba. Moto wa citsa suoneka malawi, koma ndiwo ufika m'mawa.

Sitifuna kukunyengani. Ana ambiri a Ahebri anaferadi m'mtsinje, ndipo amai ao ena anali opemphera monga Yokebede. Pakati pa inu owerenga alipo amene anamata phula lonse, napemphera ndi misozi, koma mwana anapita. Musanene kuti cikhulupiriro canu cinacepa, ndipo munthu asakuuzeni cotero. Mariya, amai ace a Ambuye, anaima pafupi ndi mtanda naona Mwana wace alikufa. Davide, mwana wace atamwalira, anadzitonthoza nako kudziwa kuti tsiku lina adzamtsata (2 Samueli 12:23). Manja amene mai aikamo mwana wace ndiwo omwewo anafungatira tiana pa Marko 10:16, ndipo sataya cimene alandira, kuno kapena tsidya lija.

4. Zaka zocepa zinakwanira

Mudziwa cimene cinatsata. Mwana wamkazi wa Farao anadza kudzasamba, naona kadengu, namva khanda lirikulira, nagwidwa cifundo. Mlongo uja analimba mtima, nadzipereka kukaitana mkazi Wacihebri woyamwitsa, ndipo anakaitana amai ace. Cotero Yokebede analandiranso mwana wace, namlera poyera, ndipo nyumba ya mfumu yomwe inafuna kumupha inamlipira mai cifukwa ca kuyamwitsa.

Koma mwanayo sanakhala naye nthawi yaitali. Atakula pang'ono anamtengera kunyumba ya mfumu, kumene anaphunzira nzeru zonse za Aaigupto (Macitidwe 7:22). Ndipo pamene anafika zaka 40, mtima wace unamkokera kwa abale ace akapolo, nasankha kusauka pamodzi nao, osasamala cuma ca Aigupto (Ahebri 11:24-26). Nanga anadziwa bwanji kuti iwo ndiwo abale ace, ndi kuti Mulungu wa Abrahamu ndiye Mulungu wace? Ife tiyesa kuti mbeuyo inabzalidwa pamiyendo pa amai ace. Ndipo pa Mika 6:4 Mulungu achula atsogoleri atatu amene anawatuma pakuturutsa Israyeli m'Aigupto: Mose, Aroni ndi Miriamu. Onse atatu anadya m'mbale imodzi, m'nyumba ya kapolo uja.

Akuru anati, M'mera mpoyamba. Zaka zimene inu muyesa kuti zirikutayika ndi kucapa matewera ndi kupukuta mamina ndizo zaka za kubzala. Mwana asanadziwe mphunzitsi kapena mbusa, adziwa mai wace. Ndipo poona kumene mai athawira pa tsoka, aphunzira kumene iyenso adzathawira. Timoteo anadziwa malembo kuyambira ali wakhanda, ndipo Paulo achula amene anayamba kukhulupira m'nyumbamo, ndiwo agogo ace a Loisi ndi amai ace a Yunike (2 Timoteo 1:5, 3:15).

5. Mai wina wa ku England

Kuti musayese kuti izi zinali za masiku a Baibulo okha, tikuuzani za Susanna Wesley, amene anabadwa m'caka ca 1669 namwalira m'caka ca 1742. Anali mkazi wa mbusa wa mudzi wa Epworth ku England. Anabala ana 19, ndipo 9 a iwo anamwalira ali makanda. M'caka ca 1705 mwamuna wace anatsekeredwa m'ndende ku Lincoln cifukwa ca ngongole. M'caka ca 1709 nyumba yao inapsa usiku, ndipo mwana wao John, wa zaka zisanu, anatsalira m'katimo. Anthu a m'mudzi anakwerana pamapewa, namturutsira pazenera denga lisanagwe.

Mai ameneyu anali nao mwambo wa kuceza ndi mwana ali yense payekha madzulo amodzi pa sabata, kumfunsa za mtima wace ndi kumphunzitsa za Mulungu. Tsiku la John linali Lacinai. Ndipo kumayambiriro kwa caka ca 1712, mwamuna wace ali ku London, iye anali kusonkhanitsa ana ndi anchito madzulo a tsiku la Sabata kuti awawerengere ndi kupemphera nao. Anansi anamva, nayamba kubwera, kufikira anakwana ngati 200. John uja ndiye anayambitsa mpingo wa Methodist, ndipo mng'ono wace Charles analemba nyimbo za Mulungu zoposa 6,000. Mai ameneyu anaika maliro a ana, anaona umphawi ndi moto, ndipo anatsala yekha ndi ana masiku ambiri monga atsala ambiri a inu. Anacita gawo lace madzulo ndi madzulo, nasiyira Mulungu zotsala.

6. Mau kwa amuna ndi kwa mpingo

Tisaiwale kuti Yokebede sanali yekha. Panali azamba oopa Mulungu, panali mlongo wodikira, ndipo kalata ya kwa Ahebri iyamikira bambo ndi mai pamodzi. Kawirikawiri Mulungu atumiza mphamvu yace kwa mai wotopa podzera m'manja a anthu. Mutu umodzi susenza denga.

Inu amuna, mwana akadwala usiku dzukani nanunso, nimunyamule nyali ndi kuperekeza mkazi wanu. Kutunga madzi kapena kunyamula mwana pamene mkazi wadwala sikucotsa ulemu wa mwamuna. Inu amene muli kutali ku nchito, tumizani thandizo ndi mau, pakuti kukhala cete kwanu ndiko katundu wina pamutu pa mkazi. Inu amai aakuru a Cigwirizano, cimene cinayamba m'mipingo ya Nkhoma m'caka ca 1940, ndi inu a Mvano ndi a Umanyano, yang'anani amene wasowa pa mapemphero, nimupite kwao musanamweruze. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo ife tonse, khanda likalira m'nyumba ya Mulungu, tisaceuke ndi nkhope zokwinya. Ophunzira anakalipira anthu obwera ndi ana, ndipo Yesu anakwiyira ophunzirawo (Marko 10:13, 14). Mpingo wopanda kulira kwa ana uli pafupi kutha.

Za mai uja tinayamba naye, tsiku lomwelo mnansi wace anabereka khanda, ndipo iye anabereka wodwalayo, napita naye kucipatala, kumene anampeza ndi malungo nampatsa mankhwala. Mwanayo anacira. Mai wina wacikulire wa mumpingo anadzipereka kukhala naye pafupi ndi khomo tsiku la Sabata ndi kumlandira mwana akabvuta. Nchito zace sizinacepa, mwamuna wace sanabwere, ndipo masiku ena aturukabe panja ulaliki usanathe. Koma titakomana naye panjira ya kucitsime, anati, "Aphunzitsi, tsopano ndipemphera poyenda, ndipo ndikagona ndidziwa kuti alipo wina amene sagona."

Mafunso a pa msonkhano

1. Yokebede anali ndi ana angati, ndipo maina ao ndani?
2. Chulani zimene anacita ndi manja ace asanasiye kadengu pamadzi.
3. Phula lisiyana bwanji ndi cithumwa?
4. Pa kulera ana, gawo la mai ndi liti, ndipo gawo la Mulungu ndi liti?
5. Kodi m'mudzi mwanu muli mai amene wasowa pa mapemphero? Adzapita kukamuona sabata ino ndani?

Pemphero

Atate wathu wa Kumwamba, Inu munasunga khanda pakati pa mabango. Yang'anani amai a m'midzi yathu amene atopa ndi kulera. Apatseni nzeru ya kucita gawo lao, ndi mtima wa kusiya gawo lanu m'manja mwanu. Tonthozani amene anaika ana ao m'manda. Dzutsani amuna ndi mpingo kuti asenze nao mtolo. Tipempha m'dzina la Yesu Kristu, Bwenzi la ana. Amen.